Mutu 5: Tabita Abwereka Buku Masiku Atatu

1. Lachisanu

Pasukulu ya sekondale yoyendera imene Tabita ankaphunzira, kufupi ndi Msakambewa, mabuku a nkhani ya Chingerezi ya Fomu 3 adalipo asanu okha. Ophunzira adali oposa makumi asanu ndi awiri. Buku linkayenda motsata ndandanda, ndipo aliyense ankakhala nalo masiku atatu.

Tsiku la Tabita lidafika Lachisanu lina m'mwezi wa Juni.

Tabita adali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Makolo ake adali matenanti pa esiteti ya fodya, koma kwawo kudali ku Phalombe. Chaka chimenecho mwini esiteti adalengeza kuti waleka kulima fodya, ndipo matenanti onse adzabwerera kwawo kumapeto kwa Julayi. Bambo ake a Tabita adanena kale poyera kuti ku Phalombe nkhani ya sukulu kulibe. Sekondale ili kutali, ndipo banja lidzafika kopanda munda, kopanda nyumba.

Njira idatsala imodzi. Amayi a mpingo adamanga hositelo ya atsikana pasukulupo, yokhala ndi pogona ndi chakudya. Malo otsala adali anayi. Atsikana owafuna adali khumi ndi mmodzi. Pa masamu ndi zaulimi Tabita adali patsogolo pa onse, koma Chingerezi chinkamugwetsa. Ndiye komiti idagwirizana kuti Lolemba masana, mphunzitsi wa Chingerezi, a Yeremiya, adzafunse atsikanawo mmodzimmodzi za bukulo.

A Yeremiya adampatsa bukulo ataimirira pakhomo la kalasi. Lidali lonenepa, lachikuto chomata ndi ulusi, masamba mazana atatu ndi makumi anayi.

"Tamverani nonse," adatero. "Buku ili lidalembedwa agogo a agogo anu asanabadwe, ndipo silithamanga. Mlembi wake amatha tsamba lonse akufotokoza khola la nkhosa. Mudzatopa nalo, mudzakwiya nalo, ena mudzaligonera. Ndikudziwa kuti pali timapepala tachidule tikuyenda m'zikwama mwanumo. Sindikulandani. Koma Lolemba sindidzafunsa kuti ndani adapita kuti, kapena ndani adamwalira liti. Zimenezo ngakhale mwana wa Sitandade 5 akhoza kuloweza. Ndidzafunsa zimene amadziwa munthu amene wawerenga yekha. Amene sadawerenge ndimamuzindikira asanamalize chiganizo choyamba."

Poweruka, mnzake Sharon adamutsatira mpaka pamsewu. Sharon ankakhala pafupi ndi sukulu, ndipo hositelo sankaifuna. Adatulutsa pepala limodzi lolembedwa mbali zonse ziwiri, nkuliika m'thumba la diresi la Tabita.

"Nkhani yonse ili apa, mitu yonse makumi atatu," adatero. "Aise, usadzivute. Ine ndidalekera patsamba lachinayi, mutu udachita kuwawa."

"Aphunzitsi ati amazindikira."

"Amangotiopseza. Iweyo nthawi yowerenga chimenechi uipeza kuti, fodya ali m'chigafa?"

Tabita adafungatira bukulo nkuuyamba ulendo wakunyumba. Pepalalo sadalibweze.

2. M'chigafa

Loweruka kudacha ndi chisanu. Banja lonse lidalowa m'chigafa, chisakasa chachitali choumitsiramo fodya, dzuwa lisanatuluke. Masamba amasankhika bwino m'mawa akadali ofewa. Kapitawo adali atanena kuti fodya yense alowe m'mabelo pofika Lolemba.

Bambo ake ataona buku m'khwapa mwake adaleka kumanga fodya.

"Tabita, ine sindidana ndi sukulu. Ndikadadana nayo bwenzi uli pabanja kale ngati ana a anzangawa. Koma yang'ana mulu uwu. Manja alipo ndi anga, a mayi ako ndi ako. Azing'ono akowa sadziwa kusiyanitsa tsamba labwino ndi lowauka. Fodyayu tikachedwa naye, chaka chonse tagwirira pachabe. Bukulo liike pamene ukufuna, koma manja ako akhale pafodya."

Tabita adatsamiritsa bukulo pamtengo wa chigafa, nkulipsinja ndi mwala. Zala zake zidali zakuda ndi fodya, ndiye ankatsegula masamba ndi kaudzu kuti asadetse buku la sukulu.

Chiganizo choyamba chidatenga mizere isanu ndi iwiri. Adachiwerenga katatu. Atafika kumapeto adali ataiwala kumene chidayambira.

Patsamba loyamba lokha adapeza mawu makumi atatu ndi limodzi amene sankawadziwa. Dikishonale panalibe. Liwu lililonse lachilendo ankalilemba m'kope kuti adzafunse wina, koma wina wakeyo sankamudziwa. Kawiri konse mayi ake adachotsa masamba owauka amene Tabita adawaika pamulu wa abwino. Sadamukalipire. Adangowachotsa.

Dzuwa litafika paliwombo, adali patsamba lachisanu ndi chinayi. Adawerengera masamba otsala, nkuona kuti pa liwiro limeneli adzamaliza m'mwezi wa Ogasiti, ali ku Phalombe.

Adatuluka ngati akupita kukamwa madzi. Kuseri kwa chigafa adakhala pansi nkulira mosatulutsa mawu. Kenaka adatulutsa pepala la Sharon nkuwerenga mbali yakutsogolo.

Zonse zidali zomveka. Mtsikana wina, mwana wa mbusa wa nkhosa m'dziko lozizira, ankasamuka ndi makolo ake chaka ndi chaka kuchoka pafamu ina kupita pa ina. Mitu khumi ndi isanu idakwana patsamba limodzi. Adaimaliza m'mphindi zitatu.

Mayi ake adamuitana asanatembenuze pepalalo.

3. A Gregorio

Masana Tabita adayesanso. Ulendo uno ankawerenga mokweza, kuti mwina mawuwo akalowera kukhutu amveka.

M'chigafa choyandikana nacho munkagwira ntchito a Gregorio, tenanti wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi, wochokera kumapiri a Ntchisi. Adali munthu wosayankhulayankhula, ndipo ana a pa esiteti ankawadziwa ngati mdala wokonza njinga. Tabita atakakamira pa liwu lina lalitali, kudamveka mawu kuchokera kuseri kwa udzu akulitchula bwinobwino. Kenaka mawuwo adapitiriza chiganizo chonse mpaka kumapeto, m'Chingerezi, osaphonya.

Tabita adasuzumira.

"Bambo, mwalidziwa bwanji?"

A Gregorio adabwera akupukuta manja m'buluku. Bukulo sadaligwire. Adangoliyang'ana.

"Likadalipo eti," adatero. "Ifenso tidali nalo. Chikuto chake chidali chobiriwira."

"Mudafika ku sekondale?"

"Mpaka Fomu 4." Adaona kope la Tabita ndi mndandanda wa mawu uja. "Ichi nchiyani?"

"Mawu amene sindikuwadziwa."

"Tseka kopelo. Tsiku limene udayamba kusankha fodya, kodi udayamba waloweza mayina a magiredi onse? Udangokhala pafupi ndi mayi ako, nkumagwira, nkumalakwitsa, mpaka zala zidadziwa zokha. Liwu likakukanika, lidutse. Ukakumana nalo kachitatu lidzakhala litakuuza lokha tanthauzo lake. Chiganizo chikatalika, funa kaye amene akuchita chinthu ndi chimene akuchitacho. Zinazo nzovala chabe."

Pepala la Sharon lidali likusuzumira m'thumba. A Gregorio adaliona, ndipo Tabita adawauza chimene lidali.

A Gregorio adakhala pa belo, nkuyankhula nthawi yaitali kuposa mmene Tabita adawamverapo.

"Mwanawe, ine sindidali wopusa m'kalasi. Ndidali wochenjera, ndipo kuchenjerako nkumene kudandipweteka. Bukuli ndidaliwerenga mpaka mutu wa khumi ndi chinayi. Mutu woyamba ndidachita kuuloweza, chifukwa aphunzitsi athu ankatimenyera. Kenaka mnzanga wina adandipatsa manotsi ake. Ndidati, ndivutikirenji? Ndidachita chimodzimodzi ndi sayansi, chimodzimodzi ndi mbiri. Chilichonse chikayamba kulimba, ndinkafuna pepala la munthu wina. Tsiku la mayeso mafunso adabwera atatembenuzidwa, ndipo m'mutu mwanga mudali mayankho a mafunso ena. Ndidalephera. Bambo anga adati ndibwereze, ine ndidati chaka chamawa. Chaka chamawacho ndi chino ukundionachi. Sindikunena kuti pepala limodzi lingakuphe. Ndikunena kuti dzanja limazolowera. Ndipo chimene chimandiwawa si satifiketi ayi. Pa manotsi aja padalembedwa mmene nkhaniyo idathera, ndidawerenga, koma ndidaiwala sabata yomweyo. Zimene ndidawerenga ndekha ndikuzikumbukira mpaka lero, zaka makumi anayi. Mwana wa mbusa uja ndidamusiya atabisala m'khola la nkhosa, ndipo sindidziwa ngati adatulukamo."

Bambo ake a Tabita adakhosomola. A Gregorio adatembenuka.

"Achimwene, fodya wanga watsala pang'ono. Ndikamaliza ndibwera ndidzakhale pamalo a mwanayu. Msiyeni awerenge."

"Mudzatopa, a Gregorio."

"Ndidatopa kale."

Kuyambira nthawi imeneyo mpaka mdima utayamba kuphimba zilembo, Tabita ankawerenga mokweza, a Gregorio akusankha fodya pambali pake. Akakakamira, iwo ankangoti, "Pitirira." Tsikulo adafika pamutu wachisanu ndi chimodzi. Mitu yotsala idali makumi awiri ndi inayi.

4. Lamulungu

Lamulungu pa esiteti sankagwira ntchito. Atatuluka m'tchalitchi, Tabita sadadikire chakudya. Adakwera pathanthwe lakuseri kwa nyumba za matenanti, pamene mapiri a Ntchisi amaonekera, ndipo a Gregorio adamutsatira ndi chinangwa chophika m'kambale.

Bukulo silidafewe. Mutu wachisanu ndi chitatu wonse udali wa mkangano wa malire a famu, ndipo Tabita adatsala pang'ono kuliponya pansi. Koma mawu ena amene dzulo lake adali adani adayamba kudziwika nkhope. Nthawi ina adaseka yekha. A Gregorio adafunsa chimene chamuseketsa.

"Mayi ake a mtsikanayu amamanga mapoto m'nsalu imodzi ndi nsapato. Amayi anganso amatero."

"Pa pepala lija zidalembedwapo?"

"Ayi."

Cha m'ma 2 koloko adafika pamutu wa khumi ndi chinayi. Banja la mbusa linkasamukanso. Mtsikana uja sankafuna kuchoka, chifukwa pafamupo mpamene adaphunzirira kuwerenga. Adabisala m'khola la nkhosa, m'kati mwa udzu wouma.

"Ine mpomwe ndidalekera," adatero a Gregorio. "Kuyambira pano iwe ndiwe ukunditsogolera."

Tabita adatsegula tsamba lotsatira. Makolo adafunafuna mwana wawo mpaka mwini ngolo adati sangadikirenso. Mayi adaima pakhomo la kholalo nthawi yaitali. Adaona nsonga ya nsapato ya mwana wake ikuonekera m'udzumo. Sadamuitane. Adavula shawelo yake, nkuipachika pamsomali wa chitseko, nkupita kukakwera ngolo.

Kenaka padabwera chiganizo chachitali kwambiri, cha theka la tsamba. Tabita adachiwerenga kamodzi kokha ndipo adachimva chonse. Chinkanena za mtsikanayo atatuluka m'kholamo, atapeza chimene ankafuna, akumvetsera phokoso la ngolo likuchepa mumsewu, miyendo ikufuna kuthamanga pamene iye mwini adaikaniza.

Tabita adaleka kuwerenga. Adayang'ana kumunsi. Mayi ake adali pabwalo akuchapa zovala za ana, ndipo mng'ono wake wamng'ono adali atawakwera kumsana.

"Bambo," adatero, "ndikapeza malo kuhositelo, iwowa apita okha."

"Sudadziwe?"

"Ndimadziwa. Koma sindidaganizepo za tsikulo."

A Gregorio adapukuta m'maso ndi chala chachikulu. "Werenga, dzuwa likupita."

Mtsikana uja adatuluka m'khola, adagwira ntchito kukhitchini ya pafamupo, adanamiziridwa, adadwala, adalembera mayi ake kalata imene sadadziwe koitumiza. Tabita ankathamanga tsopano, koma dzuwa linkathamanga kuposa iye. Zilembo zitaleka kuoneka, adali kumapeto kwa mutu wa khumi ndi chisanu ndi chinayi. Mitu khumi ndi umodzi idatsala, ndipo m'nyumba mwawo tochi idali yopanda mabatire.

5. Lolemba

M'mawa adawerenga akuyenda, makilomita asanu ndi awiri a kusukulu, mpaka adapunthwa pamwala nkusupuka chala. Pa nthawi yopuma adamaliza mutu wa makumi awiri ndi umodzi. Belu lidalira.

Atsikana khumi ndi mmodzi adakhala pabenchi panja pa ofesi. Ena ankanong'ona okha, maso ali pa timapepala. Sharon adabwera kudzamulimbitsa mtima.

"Wamaliza?"

"Yatsala mitu isanu ndi inayi."

"Ndiye tembenuza pepala lija. Mphindi zitatu zokha. Atsala anthu awiri kuti ulowe."

Tabita adalitulutsa. Mbali yakumbuyo idali ndi mathero onse a nkhaniyo. Sadalitembenuze. Adalipinda kanayi nkuliika m'dzanja la Sharon.

"Tabita, ukutaya malo chifukwa cha matama."

"Mwina."

Muofesi mudali a Yeremiya ndi amayi awiri a mpingo. Funso loyamba lidali la mutu wotsiriza. Tabita adayankha m'Chingerezi chake chodukaduka kuti sadafikeko.

Mayi mmodzi adalemba kanthu papepala. A Yeremiya adavula magalasi.

"Anzako onse asanu ndi atatu amene alowa muno amaliza. Iwe walekera pati?"

"Mutu 21, aphunzitsi."

"Bwanji sudangonena kuti wamaliza?"

"Mukadandifunsa za kumeneko ndikadanena mawu a munthu wina."

A Yeremiya adavalanso magalasi aja. Kenaka adafunsa chifukwa chimene mayi wa m'buku uja adasiyira mwana wake m'khola. Atsikana ena adali atayankha kuti sadamupeze.

"Adamupeza," adatero Tabita. "Adaona nsapato."

"Ndiye adali mayi wouma mtima?"

"Ayi. Akadamuitana, mwanayo akadatuluka, chifukwa sakadatha kuwakanira. Ndiye adakhala chete kuti mwanayo asankhe yekha. Koma sadafune kuti agone ndi chisanu."

Chingerezi chidamuthera pakati, ndipo adamalizira m'Chichewa. Palibe adamuletsa. Adayankhula za ngolo, za mapoto omangidwa pamodzi ndi nsapato, za kalata yopanda keyala. Mayi amene ankalemba uja adaika cholembera pansi.

"Chingerezi chako nchofooka, Tabita," adatero a Yeremiya. "Ndipo sudamalize. Zimenezo ndiyenera kuuza komiti, chifukwa ndi zoona. Zina zimene ndamva muno ndikauzanso. Sindikukulonjeza kanthu. Mayina tidzamata pachitseko ichi Lachitatu m'mawa." Adakankhira kwa iye buku lija, limene Tabita adali atalibweza patebulo. "Wotsatira pandandanda wadwala. Khala nalo mpaka Lachitatu. Munthu sasiya nkhani pamutu 21."

6. Lole

Tabita adabwerera kunyumba akutsimphina. Ankafuna kukafika kwa a Gregorio kusanade, kuti awerenge limodzi mitu iwiri kapena itatu.

Atakhota pamitengo ya bulugama, adaona lole yaikulu itaima pakati pa nyumba za matenanti. Anthu ankakweza mitolo. Nkhuku zidali zitamangidwa miyendo. Zigafa zidali zopanda kanthu.

Pakhomo pawo mphasa zidali zitakulungidwa kale. Mayi ake adagwada pansi akumanga mapoto, ndipo sadadzutse mutu.

"Amayi, chachitika nchiyani? Paja ndi kumapeto kwa Julayi?"

Adayankha ndi bambo ake, akutuluka m'nyumba ndi khasu ndi nkhwangwa.

"Fodya watha kulowa m'mabelo, ndiye bwana wati palibe chodikira. Lole iyi ikupita kumwera mawa m'mawa, ndipo ina sidzabweranso. Wotsala adzadziwa yekha mmene angapitire."

"Mayina atuluka Lachitatu, bambo. Tsiku limodzi lokha."

"Dzina lako lilipo?"

"Sindikudziwa."

"Ndiye ndikusiye pano, mwana wamkazi, m'nyumba yopanda chitseko, chifukwa cha chinthu chimene sukudziwa? Dzina likapanda kutuluka udzatipeza bwanji?" Adaponya khasu m'lole. Mawu awo sadali aukali, adali otopa. "Bukulo upatse mwana wa kapitawo akabweze kusukulu. Zovala zako zili m'chikwama chofiiracho."

Tabita adayang'ana pamene adaloza. Chikwama chofiira sichidali pamulu wa katundu wokwera. Mayi ake adali atachikokera pambali, kuseri kwa mtondo, nkuchiphimba ndi chitenje.